Ofesi yowerengera ndalama ya pa Boma la Mangochi: ntchito yake ndi yozama, koma lipoti ndi lovuta kumva

Eni maboti, zigayo ndi malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja angapindule ndi ofesi yaing'ono yowerengera ndalama imene ili pa Boma la Mangochi, makamaka pa nkhani yodziwa zaka zimene katundu wa bizinesi angagwire ntchito asanathe. Banja lathu lili ndi boti la matabwa, injini ya Yamaha, khoka la chilimira ndi firiji yoyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo tinawapatsa ntchito yotikonzera mabuku a chaka chonse.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti akauntanti sanalembe zaka za katundu ali khale pampando. Anabwera kudoko, anavundukula injini, anaona dzimbiri pa mabawuti ndi pamene mafuta amadontha, kenako anafunsa makaniko wathu kuti injini yolowa m'madzi usiku uliwonse, ngakhale nyengo ya mwera, imatha zaka zingati. Anagwirizana pa zaka 5. Popeza tinaigula pa K6,000,000 ndipo tikuyembekeza kudzaigulitsa pa K1,000,000 ikadzatopa, anatilembera kuti chaka chilichonse injiniyo imadya K1,000,000, ndalama imene iyenera kuchotsedwa tisananene kuti tapindula. Khoka analipatsa zaka zochepa chifukwa limang'ambika msanga, pamene malo a m'mphepete mwa nyanja amene timayanikapo usipa sanawachotsere kanthu, poti nthaka siitha ngati chitsulo. Anasiyanitsanso kusoka khoka, kumene ndi ndalama zoyendetsera ntchito za chaka chomwecho, ndi kusintha matabwa onse a pansi pa boti, kumene kumaliwonjezera moyo ndipo kumalowa pa mtengo wake. Ambiri kunyanja kuno timawerengera phindu pa ndalama zotsala tikalipira alovi ndi petulo basi, ndiye injini ikafa timathamangira katapila.

Pa ndalama zimene tinganene kuti zili m'manja analinso osamala. Za mu Airtel Money, TNM Mpamba ndi akaunti ya kubanki anaziwerengera pamodzi ndi za m'bokosi. Anatiuza kuti malamulo a kawerengedwe ka ndalama amalola kuikanso m'gululi ndalama zosungitsa zimene zimabwerera pasanathe miyezi itatu popanda chiopsezo chenicheni, monga Treasury Bills (ndalama zobwereketsa boma kwa nthawi yochepa) za masiku 91, koma za masiku 182 kapena 364 ayi. Masheya athu a ku banki mkhonde anawaika padera chifukwa sitingawatenge tsiku logawana lisanafike. Matumba a usipa wouma ndi katundu wogulitsa, ndipo ngongole za amayi amene amapikula nsomba kupita nazo ku Limbe si ndalama mpaka zitalipidwa.

Pali zinthu ziwiri zimene sizinandikhutiritse. Choyamba, kuwerengera kwawo kunatsamira pa mtengo umene tinagulira katundu, chonsecho aliyense akudziwa kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo injini zimachokera kunja. Munthu wosunga K1,000,000 pachaka sadzakwanitsa kugula injini yatsopano pakutha pa zaka zisanuzo. Mabuku awo ndi olondola monga mwa malamulo, koma mlangizi wodziwa za Mangochi anayenera kutichenjeza yekha za kusiyana kumeneku, osadikira kuti tichite kufunsa. Chachiwiri, lipoti lonse linabwera m'Chingerezi chokhachokha, pamene bambo anga, amene ndiwo eni boti, amawerenga Chichewa ndi kulankhula Chiyao. Pakamwa anafotokoza bwino, koma pepala ndilo limatsala m'nyumba.

Za msonkho anazigwira bwino. Anatimasulira kuti bungwe la MRA lili ndi mlingo wakewake wochotsera pa katundu, wosiyana ndi wa m'mabuku athu, ndipo anatikonzera mawerengero onse awiri. Anationetsanso chiphaso cha bungwe la akauntanti la ICAM titangofika.

Malipiro awo si a munthu wa bwato limodzi lopalasa. Koma amene ali ndi injini, chigayo kapena galimoto yonyamula nsomba apiteko, atatenga malisiti onse ogulira katundu, ndipo agwirizane nawo pachiyambi pomwe kuti chidule cha lipoti chilembedwe m'Chichewa komanso kuti aonetsemo mtengo wa katundu watsopano wa lero.