Jekete ya snowboard ya pa kaunjika: itaona chipale cha ku Lesotho ndi mvula ya ku Mzuzu

Ndinalonjeza kuti ndidzabweranso kudzanena za jekete ya snowboard (masewera otsetsereka pachipale utaponda thabwa limodzi lotchedwa bolodi) imene ndinagula pa kaunjika mumsika wa Mzuzu mu May, ndikukonzekera ulendo wa ku Afriski, malo ochitira masewerawa ku Lesotho. Nthawi ija ndinangoyamikira zooneka ndi maso: nsalu yolimba, chisoti chachikulu chokwana pamwamba pa helimeti, ndi kalebulo kam'kati kolembedwa 10,000 mm, kutanthauza mphamvu yake potchinga madzi. Pano yadutsa m'chipale chofewa, m'mawawa athu ndi m'mvula ya dzinja, ndiye ndingathe kuiweruza.

Paphiri sinandichititse manyazi. Afriski ili pamtunda wopitirira mamita 3,000 m'mapiri a Maloti, ndipo masewera amakhalako kuyambira June mpaka August. Chipale chambiri amachita kupanga ndi makina, choncho m'mawa chimakhala chouma gwa, dzuwa likakwera chimasanduka phala. Wophunzira amakhalira kugwa, ndipo apa m'pamene kansalu ka lastiki ka m'chiuno, kamene ena amakadula poganiza kuti n'kosafunika, kamaonetsa ntchito yake. Ukatsetsereka chagada, chipale sichilowa kumsana. Zipi za m'khwapa nazo n'zofunika, chifukwa munthu umatuluka thukuta pamene mphuno yachita dzanzi.

Tsiku la kampikisano ka ophunzira, kokhotakhota pakati pa timbendera, ndinadandaula kuti jeketeyo ikukupiza mphepo n'kumandichedwetsa. Mphunzitsi wathu, mnyamata wachisotho, anaseka n'kunena kuti ngakhale akatswiri a snowboard cross, amene amatsika anayianayi mumsewu umodzi, malamulo sawalola kuvala zothina za anthu othamanga pa ski. Chondichedwetsa chinali mawondo anga owuma. Mphunzitsiyu ndi amene amakonda kufotokozera odzionetsera nkhani ya Lindsey Jacobellis, katswiri wa snowboard cross wa ku America. Snowboard inalowa mu Olympics ku Nagano mu 1998, snowboard cross n'kutsatira ku Turin mu 2006. Kumeneko mayiyu anali patsogolo kwambiri, koma atatsala pang'ono kumaliza anagwira bolodi ali m'malere kuti akometse, n'kugwa, n'kukhala wachiwiri. Golide anadzamupeza ku Beijing mu 2022.

Pamene jekete imalephera ndi pamene waima. Ilibe thonje lokwanira, imangotchinga mphepo ndi madzi, ndiye ukakhala pamzere kapena dzuwa likangolowa, kuzizira kumakupeza. Abusa a nkhosa amene tinkawaona pa Moteng Pass, msewu wa m'mapiri wopita ku Afriski, amangofunda bulangete laubweya, kumutu chipewa chongosiya maso, kumapazi magambuti, tsiku lonse ali pamphepo. Usiku wina antchito a ku Afriski anatiitanira papa ndi moroho, yomwe ndi nsima ndi masamba basi, kungoti yawo ndi youmirapo. Ine ndinatulutsa khofi wa ku Mzuzu, iwo n'kundiphunzitsa kufunda bulangete lawo: mizere iziyang'ana pansi osati chopingasa, n'kumanga ndi pini wamkulu paphewa. Ndinagula langa pobwerera, ndipo kunena zoona ndi limene ndaligwiritsa ntchito kwambiri kuposa jekete.

Kunyumba kuno jeketeyi ili ndi ntchito imodzi imene imaigwira bwino zedi: kukwera kabaza wa njinga yamoto m'mamawa kuchoka ku Luwinga kupita m'tauni. Mphepo sidutsa. Ku Chelinda pa Nyika, komwe udzu umadzuka utayera ndi chisanu, inandithandizanso nditavala juzi mkati. Mu October musayerekeze.

Mavuto anayamba ndi kuchapa. Sopo waufa amachotsa mankhwala amene amachititsa madzi kumangogubuduka pansalu, ndiye mvula ya December itafika nsaluyo inayamba kumwa madzi n'kumalemera. Kuisita ndi ayironi yofunda pang'ono, utayala chitenje pamwamba, kumabwezeretsako pang'ono, osati kwenikweni. Zipi yakutsogolo inathothoka mano, telala wa mumsika anaika ina mosavuta. Chimene sangathe ndi tepi yomata misoko mkati, imene yayamba kumatuka pamapewa. Anandiuza yekha kuti, "Achimwene, ndikasoka apa ndiye ndawonjezera mabowo." Tsopano mvula ikalimba, pofika pa Katoto malaya anyowa m'mapewa.

Kodi ndingaigulenso? Pamtengo wa kaunjika, eya. Koma muitembenuze kaye musanapereke ndalama, muyendetse chala pamisoko yonse; tepi ikakhala yachikasu kapena ikufumbutuka, isiyeni pomwepo ngakhale kunja ikuwala. Bolodi ndi nsapato amabwereketsa komweko ku Afriski, musavutike kunyamula. Magolovesi okha ndiwo mugule atsopano osalowa madzi, chifukwa a m'mabelo amene ndinaona kuno ambiri anali oluka, ndipo wophunzira snowboard manja ake sachoka m'chipale.