Ma cigar a pa okushoni ya pa intaneti: chaka chapitapo, nazi zomwe ndaona

Achimwene ena a ku South Bend, mzinda wina kuno ku America, anandiimbira Lamlungu lapitali kufunsa ngati nkhani yogula ma cigar pa okushoni ya pa intaneti, yomwe ndinkaitama chaka chatha, idakali yokoma. Mwana wawo akukwatira mu Ogasiti, ndiye akufuna mabokosi awiri oti akagawire anzawo madzulo a tsikulo, ndipo anamva kuti kumeneko cigar ya $12 munthu amaitola pa $4. Anafunsanso za ma cigar a ku Cuba. Pa foni ndinangoti eya, kenako ayi, iwo n'kuseka kuti ndayamba kuyankha ngati phungu. Ndiye achimwene, yankho lenileni nali.

Za mtengowo munamva zoona. Robusto, ija ya mainchesi 5 m'litali, yomwe m'sitolo ya m'tauni muno ndimalipira $11 kapena $12, pa okushoni ndakhala ndikuipeza pakati pa $4 ndi $6 ikakhala m'paketi ya zisanu. Palibe matsenga. Makampani ambiri akuluakulu ogulitsa ma cigar pa intaneti kuno ku America ali ku Pennsylvania ndi ku Florida, zigawo zomwe sizidula msonkho wapadera pa ma cigar akuluakulu, ndipo amaoda katundu wochuluka nthawi imodzi kuchokera ku Estelí ku Nicaragua, ku Santiago ku Dominican Republic ndi ku Danlí ku Honduras. Wasitolo wapakona ali ndi lendi, antchito ndi magetsi a chipinda chosungiramo. Sangafike pa mitengo imeneyo.

Webusaiti yomwe ndimagulako sinandivutepo. Kulembetsa n'kosavuta bola uli ndi zaka 21, monga lamulo la kuno likunenera kuyambira mu Disembala 2019. Umaika mtengo wako womaliza, kompyuta n'kumakukwezera yokha pang'onopang'ono wina akakupitirira. Zomwe wapata sabata yonse amaziika m'katoni imodzi kuti ndalama yotumizira ulipire kamodzi. Katundu wachinyengo sindinalandirepo. Pamenepa ndilibe dandaulo.

Ine okushoni ndinaidziwira ku Kanengo, ndikuperekeza bambo ndi mabelo awo a bale ochokera ku Kasungu. Kumeneko ogulitsa ndi khwimbi, ogula ndi owerengeka, akuyenda m'mizere ya mabelo osaima n'komwe, fodya yemwe munthu wamuvutikira kuyambira ku nazale n'kupita m'masekondi ochepa. Kuno zinatembenuka, wogulitsa ndi mmodzi, khwimbi ndife ogula. Koma mpeni uli kumene kuli ochepako basi. Kampani yochititsa okushoni ndi yomweyonso ili ndi sitolo wamba pa intaneti, ndipo pambali pa katundu aliyense imalemba mtengo womwe akuti ndi wa m'sitolo. Pa mitundu yodziwika mtengowo ndi woona. Koma pali mitundu ina yomwe kampaniyo imachita kupangitsa yokha, sipezeka kwina kulikonse, ndiye akalemba kuti bokosi ndi la $160 iwe n'kulipata pa $45 umadziona ngati wadya bwino, chonsecho palibe munthu amene analipirapo $160 imeneyo. Usiku, okushoni ikatsala pang'ono kutsekedwa, ndaonapo anthu akulimbirana paketi mpaka kupitirira mtengo womwe kampani yomweyo ikugulitsa m'sitolo yake tsiku lomwelo. Mtima wofuna kupambana umenewo ndiwo amaudyera.

Ndiye pali zowonjezera zomwe sizioneka pa nthawi yopikisana. Ndalama yotumizira. Msonkho wa malonda, womwe ogulitsa pa intaneti anayamba kutolera m'zigawo zambiri khoti lalikulu litagamula mlandu wa chigawo cha South Dakota ndi kampani ya Wayfair mu 2018. Kabokosi kanga ka mkungudza kosungiramo, humidor, kanadzaza msanga, ndinagula cooler box, timapaketi ta chinyontho ndi kachipangizo koyezera. Nditawerengetsa zomwe zatuluka pa khadi chaka chonse, cigar imodzi yanditsikira pafupifupi ndi theka, koma ndalama ya pa mwezi yakwera kuposa kale, pomwe kusuta sindinaonjezere. Ndimasutabe Loweruka madzulo, mwina ndi Lamlungu. Zotsalazo zangokhala m'cooler box.

Vuto lomwe silinathe mpaka lero ndi la chinyontho ndi kutentha. Cigar imafuna chinyontho cha pakati pa 65 ndi 72 peresenti, ndi malo osatentha kupitirira 21°C, omwe kuno amati 70°F. Amene anasankhapo fodya m'chigafa akudziwa kuti tsamba louma sulikhudza masana, umadikira m'mamawa litafewa, apo ayi lingofumbutuka m'manja. Cigar ndi tsamba lomwelo, loumitsidwa ndi mphepo ngati bale wathu, kungoti ilo amaliunjika milu ikuluikulu kuti litenthe lokha n'kukhwima lisanapichiridwe. Mabokosi osatsegula amafika bwino. Koma mapaketi a zisanu, omwe ndiwo otchipa kwambiri, nthawi zambiri amabwera m'kapulasitiki popanda kapaketi ka chinyontho. M'nyengo yozizira amafika ouma gwa. Ukaifinya pang'ono pafupi ndi khutu imalira kuti tswatswa, ndipo za tsamba lakunja lopyapyala, monga la Cameroon kapena la Connecticut, zimang'aluka ukangodula kumutu. Ukaiyatsa ili choncho imapsa mofulumira, imawawa pakhosi, ndalama yapita. Ndinazolowera kuti katundu akafika azigona masabata angapo ndisanamukhudze. Zimenezo n'zopiririka.

Zomwe zinachitika mu Julayi ndi zina. Katoni inanyamuka Lachinayi, n'kukagona m'njira Loweruka ndi Lamlungu, kunja kukutentha kupitirira 32°C. Inafika Lolemba madzulo ili yofunda. Munali mapaketi atatu ndi bokosi limodzi la toro, zija zotalikirapo kuposa robusto, za ku Honduras. Ndinaziyang'ana imodziimodzi, zonse zosalala, ndinaziika pamodzi ndi zinzake. Patatha masabata ngati atatu ndikutola ya Loweruka, ndinaona kabowo kozungulira bwino, ngati wina wabaya ndi singano yaikulu. Pansi pa kapulasitiki kake panali fumbi lakhofi. Ndinatenga pepala loyera, n'kugogodapo kumapeto kwa cigar, fumbi linangoti yoyoyo. Ndinakhuthula humidor yonse patebulo la kukhitchini, ndipo pakona panali kachilombo kofiirira, kosapitirira mamilimita 3, kakuyenda mosatekeseka.

Kameneka ndi kafumbwe wa fodya, akatswiri amati Lasioderma serricorne, ndipo n'komweko kamene amathirira mankhwala m'nyumba zosungira mabelo. Mazira ake amatha kukhala m'tsamba kuchokera ku fakitale. Mafakitale amayesetsa kuwapha pozizilitsa kwambiri kapena ndi mankhwala a mpweya, koma ena amapulumuka, ndipo kukangotentha ndi chinyontho chokwanira amaswa, mphutsi n'kumadya mkati mwakachetechete. Bowo lomwe ukuliona ndi khomo lomwe katulukira katamaliza kale ntchito. Zisanu ndi zinayi zinafumbwa. Zinayi zinali za paketi imodzi ya katoni ija, zina zinali zoyandikana nazo, kuphatikizapo ziwiri zodula zomwe ndinagula m'sitolo ndikusungira tsiku lapadera.

Zotsala zonse ndinaziika m'mapulasitiki otseka, awiriawiri, tsiku limodzi mu filiji, masiku angapo mu filiza, kenako kubwerera mu filiji kuti zisang'aluke pochoka m'chisanu mwadzidzidzi. Mayi a kunyumba ndi namwino, fodyayu amadana naye kale poti odwala khansa ya m'kamwa ndi ya pakhosi amawaona okha ku ntchito, ndipo zoti cigar sitimezera utsi amati ndikauze mwana. Atatsegula filiza anangoti, “Inu bambo, ndiye nkhuku zanga ndiziika pati?” Ndinalibe poyambira.

Ndinalembera kampani, zithunzi ndinatumiza. Anayankha msanga ndithu, mwaulemu, koma mfundo yake inali yoti nthawi yodandaulira inadutsa, ndiponso sangadziwe ngati kachilomboko kanachokera kwa iwo kapena kanali kale mwanga. Ndinawafotokozera kuti chisiyireni sitolo ya m'tauni sindinagule kwina, kuti mabowo ambiri ali m'paketi imodzi, ndiponso kuti kachilombo kameneka sikaonekera tsiku lomwe katundu wafika, ndiye nthawi yawo yodandaulirayo ikutha vuto lisanabadwe. Kalata yachiwiri inangobwereza yoyamba. Nditaimba foni ndinapeza mayi wina womvetsa, anandimvera mpaka kumapeto, n'kunena kuti andibwezera $23 ya paketi imodziyo. Koma osati pa khadi. Anaiika mu akaunti yanga ya pa webusaiti yawo, kuti ndidzagulire komweko, ndipo siigwira pa ndalama yotumizira. Kuti ndidye $23 yangayo ndiyenera kuwapatsanso ndalama ina. Za ziwiri zodula zija anangopepesa. Tsiku limenelo mukanandifunsa, ndikanakuuzani kuti musayandikireko. Ndinakhala osatsegula webusaitiyo mpaka kunja kutazizira.

Chinandifewetsa mtima ndi mtolo wina womwe ndinali nditauiwala. Kumayambiriro ndinapata mtolo wa 20 za ku Estelí, zopanda lamba wa dzina, pa $31. Yoyamba nditayatsa inkanunkha ngati mankhwala otsukira m'bafa. Fodya amene sanagone mokwanira amatero, amatulutsa ammonia. Ndinauponya pansi pa cooler box. Pa Khirisimasi ndikusakasaka zopatsa mlendo ndinatola imodzi, ndipo sindinakhulupirire. Fungo lija linali litatheratu, utsi wofewa, kukoma kwa khofi ndi koko, phulusa lotuwa logwirana mpaka pakati osagwa. Mlendoyo, munthu amene ma cigar amawadziwa kuposa ine, anati imeneyi ndi ya $10. Inali ya $1.55. Zoterezi m'sitolo sungazipeze, ndipo ndi zimene zimandibwezera ku okushoni ngakhale nditalumbira.

Pa za ku Cuba zomwe munafunsa zija, achimwene, samalani. Cohiba, Montecristo kapena Romeo y Julieta zomwe muzione pa okushoni zovomerezeka za kuno si za ku Havana. Mayina ndi omwewo, koma zimapangidwa ku Dominican Republic, zina ku Nicaragua ndi ku Honduras, chifukwa katundu wa ku Cuba ndi woletsedwa kuno kuyambira pomwe pulezidenti John F. Kennedy anatseka malonda ndi dzikolo mu Febuluwale 1962, ndipo kuyambira mu Seputembala 2020 ngakhale kubwera nazo m'chikwama pochokera ku ulendo sikuloledwa. Zambiri mwa izo ndi zabwino pazokha. Koma munthu wa pa Facebook akakuonetsani Cohiba m'bokosi la chivindikiro chagalasi n'kumati ndi ya ku Havana, tsekani foni.

Za ukwatiwo, ngati mukufuna kugula pa okushoni gulani panopa, Meyi asanathe, kunja kusanatenthe. Tengani mabokosi osatsegula a mtundu womwe umapezekanso m'masitolo ena, kuti mtengo muthe kuuyerekeza nokha, ndipo muonjezere ndalama yotumizira ndi msonkho musanaike mtengo wanu womaliza. Pemphani kuti katoni inyamuke Lolemba. Akafika, adutse kaye mu filiza, kenako agone mpaka Ogasiti. Pa mabokosi awiri mukhoza kupulumutsa $150 kapena kuposerapo, ndalama yoti ikhoza kugula zakumwa. Koma mukachedwa mpaka Juni kapena Julayi, pitani m'sitolo mukalipire mtengo wonse, chifukwa kumeneko zikavuta muli ndi munthu woti mukamuonetse bowo maso ndi maso. Ine $23 ija ndinaigwiritsa ntchito pa katundu yemwe pamodzi ndi msonkho ndi zotumizira anakwana $71.