Mzuzu mpaka Joni: ndege kapena basi?

Ndege ya ku Johannesburg simukwerera ku Mzuzu. Mutsike kaye M1 mpaka pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, maola ngati 5. Kuchoka apo ndi makilomita pafupifupi 1,500 mumlengalenga, maola awiri ndi theka basi.

Pa basi konzekerani masiku awiri, kudzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge, komwe mzere wodinditsa pasipoti umatha kukugonekani panja.

Mtengo: basi ndiyotchipa kutalitali.
Zipata: pa basi zitatu, pa ndege mumadinditsa ponyamuka ndi pofika.
Katundu: ndege imayeza pasikelo, kilo yopitirira mumalipira. Basi imalola zikwama zambiri, bola mulipirire.

Wothamangira maliro kapena chipatala akwere ndege. Wokaoda katundu, thumba lili lopyapyala, basi imukwanira.