Devil's claw wandithandiza msana, koma tiyi wake ndamulephera

Ndine telala ku Chinamwali, ndipo tsiku lonse ndimakhala chowerama pa makina. June akafika, chisanu cha kuphiri chikatsika, msana ndi mawondo zimandigwira moti kudzuka pampando kumafuna kugwirira khoma. Mchemwali wanga amene ali ku Johannesburg ndiye ananditumizira mankhwala ochokera ku chomera chotchedwa devil's claw, paketi ya tiyi ndi botolo la makapisozi.

Ndinayambira tiyi. Abale, ndinamwapo mankhwala owawa pa moyo wanga, koma awa ndi ena. Uchi sunathandize, shuga ndiye anangoonongeka. Patatha masiku anayi ndinamusiya n'kuyamba makapisozi.

Chomerachi si cha kuno. Chimamera chokha mumchenga wa chipululu cha Kalahari, ku Namibia, Botswana ndi South Africa, ndipo ndi m'bale wa chitowe. Chimayanga pansi, maluwa ake ofiirira ngati kalipenga, ndipo chipatso chake chili ndi ngowe zokola m'mapazi a nyama, n'chifukwa chake anachipatsa dzina loti chikhadabo cha mdyerekezi. Dzinalo linawachititsa mantha apongozi anga mpaka ndinachita kuwawerengera dzina lina lolembedwa pabotolo, Harpagophytum procumbens. Mankhwala ali m'mizu yonenepa ngati mbatata imene chimasungiramo madzi. Okumba amatenga ya m'mbali, muzu waukulu n'kuusiya kuti chiphukenso mvula ikagwa.

Sabata yoyamba sindinamve kusintha kulikonse, ndinatsala pang'ono kunena kuti mchemwali anataya ndalama. Cha m'sabata yachitatu ndi pomwe ndinazindikira kuti m'mawa ndikudzuka osabuula. Ululu sunatheretu ayi, ndikakhalitsa pa makina umabwera ndithu, koma tsopano ndimayenda wapansi kupita kumsika waukulu kukagula nsalu osapumira panjira.

Chondidandaulitsa ndi malembo a pabotolo: ang'onoang'ono, Chizungu chokhachokha, chonsecho pali chenjezo lofunika. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, amayi oyembekezera, ndi omwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin sayenera kumwa asanafunse adokotala. Ine masiku oyamba m'mimba munaguguma chifukwa ndinkamwa ndisanadye.

Botolo litatha ndinafunsa m'tauni muno. Munthu wina ankagulitsa ufa wa m'kapepala kopanda dzina, akuti umachizanso shuga ndi BP. Ndinangomuthokoza n'kupita, ndatumanso uthenga kwa mchemwali. Nyenyezi 4 mwa 5, imodziyo yapita ndi tiyi uja.