Kamalo kodyera kopanda nyama pa Dedza ndi bolodi lake la mbale zaulere

Anthu angapo akhala akundifunsa za kalesitilanti kaja kali kufupi ndi depoti pa Dedza boma, kaja sikaphika nyama, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha.

Chakudya ndi chabwino ndithu koma osayembekezera zodabwitsa. Nsima mumasankha nokha ya ufa woyera kapena mgaiwa, ndiwo zake nyemba, soya, mpiru wotendera, bowa nyengo yake ikafika, ndiye pali china choyera chofewa amapanga okha kuchokera ku soya amati tofu, chimenecho ine sichinandigwire mtima, chimangomveka ngati palibe chomwe ukutafuna. Tchipisi chake ndiye eeh, mbatatesi ya kuno mukuidziwa kale. Chondidandaulitsa ndi chimodzi, sathira anyezi kapena adyo olo pang'ono, akuti ansembe a Chibuda a ku China ndi Taiwan sadya zimenezo ndiye mwini malowa anazolowera choncho. Nyemba zopanda anyezi abale, tsiku loyamba zimavuta.

Mwini wake ndi mnyamata wofatsa, anakulira ku Amitofo Care Centre ku Mapanga ku Blantyre, malo osamalira ana amasiye aja anayambitsa wansembe wa Chibuda wa ku Taiwan dzina lake Hui Li, kumene ana amaphunzira Chitchaina ndi kung fu ndipo nyama sadya. Sakulalikira ukamadya, ukapanda kufunsa sungadziwe n'komwe za chipembedzo chake.

Koma chimene anthu amakambirana kwambiri si nsimayo, ndi bolodi lomwe lili pakhoma. Ukadya ndipo m'thumba mukadali kangachepe umalipira mbale ina yoonjezera, iye amalemba mzere ndi choko, wina wanjala akabwera amadya ulere mzere uja n'kufufuta. Zomveka bwino eti? Poyamba zinabweretsa mavuto, ana a pulayimale ankathawa m'kalasi nthawi ya buleki osabwereranso, mayi wina wogulitsa zitumbuwa pageti pa sukulu malonda anamugwera, komanso panali bambo wina wa kachasu amene ankabwera tsiku lililonse ali dzandidzandi, ndalama ya ganyu yathera ku mowa podziwa kuti nkhomaliro ilipo kale.

Ine ndinamufunsa mosabisa, ndinati achimwene kodi apa mukuthandiza kapena mukulera ulesi? Sanakwiye. Anati Buddha, amene anayambitsa chipembedzo cha Chibuda, anamuphunzitsa mwana wake Rahula kuti zochita zako uziziyang'ana ngati ukudziona pagalasi, usanachite, uli mkati mochita, komanso utamaliza, n'kumadzifunsa ngati zikupweteka iwe mwini, munthu wina kapena nonse. Zikakhala zikupweteka usiye, ndipo ngati wachita kale ukauze munthu wanzeru osabisa. Akuti kwa anthu a Chibuda chifundo chimayenera kuyenda ndi nzeru, mtima wabwino ndi poyambira chabe, ndipo kumvera munthu chisoni mpaka iwe kusokonezeka sakuwerenga ngati chifundo chenicheni chifukwa pamenepo umangopereka kuti mtima wako ukhale pansi osati kuti mnzakoyo apepukidwe.

Ndiye za anawo anasintha, pano mwana wa yunifolomu amadya akaweruka basi, ndipo zitumbuwa za mayi aja amagulako zina n'kumagulitsa ndi tiyi m'mawa. Apa ndinamupatsa ulemu, ambiri amene amagawa zinthu kuno akajambula zithunzi za pa Facebook nkhani yatha, sabweranso kudzaona kuti chachitika n'chiyani.

Za bambo a kachasu aja ndi pamene timasiyana mpaka lero. Ine ndimati awaletse, iye anapita kukacheza ndi akazi awo kaye, mayiwo anamuuza kuti chonde musawasiye, akadya kumeneko kunyumba sabwera ndi ukali ndipo kaufa kochepako kamakwanira ana. Ndiye bambowo akudyabe, ndipo akumwabe. Ineyo ndimaona ngati ndalama yanga ya mbale yoonjezera ikuthandizira ogulitsa kachasu, iye amati anafunsa amene akhudzidwa ndipo mawa zikasintha adzaonanso. Ndikaganiza za anawo ndimasowa chomuyankha, komabe ndikawaona bambowo akupukuta pakamwa n'kulunjika kumowa mtima umandiwawa, bolodilo ndimalembetsabe koma monyinyirika.

China chomwe sindinakonde, bolodi lili poonekera kwambiri, munthu wamanyazi makamaka azimayi achikulire sangalowe n'kuloza mzere anthu akuona, ndinamuuza ndipo anati aganizapo, tiona.

Malowo ndi aukhondo, madzi osamba m'manja amakhala ofunda zomwe pa Dedza mu June ndi nkhani yaikulu, mabenchi ndi ochepa moti nthawi ya nkhomaliro mumakhala mothithikana ndi akabaza. Mtengo sukusiyana kwenikweni ndi malo ena a pamsika, amalandira Airtel Money ndi Mpamba. Mukafuna kupita fikani isanakwane 1 koloko chifukwa nyemba zimatha msanga, ndipo okonda tsabola nyamulani kambuzi wanu, wawo ndi wozizira.