Kabokosi ka USB ndi ddrescue patatha miyezi isanu ndi itatu: pomwe zimathandiza ndi pomwe zimapha diski

Yakwana miyezi isanu ndi itatu kabokosi kolowetsamo hard drive, kamene ogulitsa amakatcha dock, kakugwira ntchito limodzi ndi GNU ddrescue, pulogalamu yokopera zonse za pa diski yodwala kupita pa ina, patebulo lokonzera makompyuta kuno ku Harare. Ndi kamtundu wamba kopezeka m'mashopu a m'tauni: polowetsa diski ya SATA (mtundu wa polumikizira diski ku kompyuta) pamodzi, chingwe cha USB 3.0 ndi adaputala ya 12V.

Pa diski yabwinobwino kabokosika kalibe chifukwa. Laputopu ikafa bodi koma diski ili moyo, mumangoitulutsa, kuizika m'kabokosi, n'kuyamba kukopera. Ya 1TB imatha m'maola atatu kapena kupitirirapo. Kamadzutsanso diski yaikulu ya mainchesi 3.5, imene tizingwe topanda adaputala timailephera poti imafuna 12V kuti izungulire.

Pa diski yodwala m'pamene kamakhumudwitsa. Diski ikafika pamalo owonongeka imachedwa kuyankha, kachipangizo kam'kati kolumikiza SATA ndi USB kamaleka kudikira, diski n'kusowa pa kompyuta. Muzimitse, muyatsenso, ndipo kuyatsa kulikonse kumafooketsa timitu towerengera tam'kati mwa diski tomwe tatopa kale. Choncho yambani mwaona SMART, lipoti limene diski imasunga la thanzi lake. Ngati manambala pa mizere 5, 197 kapena 198, yowerenga malo owonongeka, akukwera, diskiyo isalowe m'kabokosi. Ilumikizeni ndi chingwe cha SATA ku bodi ya desikitopu.

Koma ddrescue njodalirika. Njaulere, imayenda pa Linux, ndipo imayamba kukopera malo osavuta, oipa n'kuwasiyira kumapeto. Pamafunika diski ina yabwino, yosachepera kukula kwa yodwalayo. Ulendo woyamba ikani -n mu lamulo loyendetsera ddrescue kuti isalimbane ndi malo oipa. Wachiwiri ikani -d, iwerenge diski mwachindunji, ndi -r3, iyesenso malo oipa katatu basi. Chonde musaiwale mapfile, kafayilo kosunga pomwe ntchito yafika. Magetsi akathima, monga amachitira kuno, ntchito imayambira pomwe inalekera. Komabe mapfile siteteza diski ku kuzima mwadzidzidzi, ndiye ntchito yotenga usiku wonse izikhala pa UPS (kabokosi ka batire kopereka magetsi akathima) kapena pa inveta, makamaka m'nyengo ya mvula ndi ziphaliwali.

Ngozi yaikulu ya ddrescue ndi chala cha munthu. Polemba lamulo, diski yodwala imayamba, yolandira imatsatira. Mukasinthanitsa mayina amene Linux imapatsa madiskiwo, monga /dev/sdb ndi /dev/sdc, diski yopanda kanthu imalembedwa pamwamba pa zithunzi zaukwati, zikalata za ana asukulu ndi mabuku a bizinesi, ndipo zalembedwa pamwamba sizibwerera. Lembani lsblk -o NAME,SIZE,SERIAL, muyerekeze nambala ndi imene ili pachikuto cha diski musanadine Enter.

Kusaka mafayilo kuzichitika pa kope, osati pa diski yodwala. Pulogalamu ya TestDisk imabwezeretsa magawo a diski amene asowa. Ya PhotoRec imatola zambiri, koma imazibweretsa zopanda mayina ndi mafoda ake, zithunzi masauzande zonse zoyamba ndi f kenako manambala. Mwini wake auzidwe zimenezi ntchito isanayambe. Windows ikapempha kuti mufomate diski, kanani. Nayo chkdsk, pulogalamu ya Windows yokonza diski, musaiyandikire, chifukwa imalemba pa diski pokonza, ndipo zidutswa zimene sikuzimvetsa imazidula. Ngati panali BitLocker, loko ya Windows yotsekera diski, popanda pasiwedi kapena kiyi ya manambala 48 kopelo silitseguka.

Pali pomwe zonsezi sizithandiza. Diski yolira kuti tche, tche, kapena yomveka kukhula, izimitseni pompo. Timitu timauluka pafupi kwambiri ndi mbale zam'kati mwa diski zozungulira maulendo 5400 kapena 7200 pa mphindi. Tikakhudza mbale timapala pomwe palembedwa mafayilo, ndipo fumbi lotuluka pamenepo limakandanso pena. Kuika diski mufiriji kumangoitana chinyezi. Kuitsegula patebulo la pashopu kumalowetsa fumbi. Kusintha bodi yapansi ndi ya diski inzake nakonso sikuyenda mukapanda kusamutsa kachipu ka ROM, kamene kamasunga miyeso ya diski imeneyo yokha. Diski yotere ikulungeni m'kathumba koteteza ku magetsi, muiike m'bokosi lokhala ndi siponji, ipite kwa akatswiri okhala ndi chipinda chopanda fumbi isanayatsidwenso.