Latin1 kapena utf8mb4: kusunga ŵ mu database

Amene akukonza kaundula wa asodzi a ku Senga Bay kapena wa alimi a nzimbe ku Dwangwa pa MySQL, pulogalamu yoyendetsa database, ayenera kusankha msanga pakati pa latin1 ndi utf8mb4, njira ziwiri zosungira zilembo.

Latin1 imasunga chilembo chilichonse mu byte imodzi (byte ndi kamuyeso ka malo osungira zinthu mu kompyuta). Mayina monga Banda ndi Phiri amalowa bwinobwino, é nayenso alimo. Koma ŵ mulibe. Mukalemba "Malaŵi", MySQL imakana ndi error 1366, kapena imangoika chizindikiro cha funso, "Mala?i", ndipo chilembocho chapita basi.

Utf8mb4 imatenga ma byte 1 mpaka 4. Zilembo wamba zimadyabe byte imodzi, ŵ ziwiri, kachizindikiro kopindika ka mu ng’ombe zitatu, emoji zinayi. Musanyengeke ndi "utf8" yakale ya MySQL ija: imathera pa ma byte atatu, ndiye uthenga wa pa WhatsApp wokhala ndi emoji umakanika. Utf8mb4 inabwera mu 2010, ndipo MySQL 8.0 imagwiritsa ntchito utf8mb4 mukapanda kusankha ina.

Vuto la utf8mb4 lili pa index, mndandanda wofulumizitsa kufufuza mu tebulo. Pa InnoDB (injini yosungira matebulo mu MySQL) yakale malire a index ndi ma byte 767, ndipo index imawerengera ma byte anayi pa chilembo chilichonse, choncho VARCHAR(255), malo a zilembo 255, siikwana. Ichepetseni ifike 191.

Mukaona "MalaÅµi" pa sikirini, tebulo silinalakwe kwenikweni. Ma byte a UTF-8 (kalembedwe kamene utf8mb4 imatsatira) awerengedwa ngati latin1 panjira. Ikani SET NAMES utf8mb4 polumikiza pulogalamu. Tebulo lakale lisinthidwe ndi ALTER TABLE ... CONVERT TO CHARACTER SET utf8mb4, mutasunga kaye kope lina pambali.